Nanga 9 aja ali kuti?

Pali kanthu kamene kamandivutitsa maganizo pa nthawi ya maumboni kutchalitchi, ndiye ndati lero ndingokalemba basi, wokhumudwa akhumudwe koma tikambirane ngati abale.

Tamvetserani bwinobwino maumboni athu, kaya ndi Lamulungu m'mawa kaya ndi ku ovanaiti, mupeza kuti pafupifupi onse amayenda njira imodzi. Ndinalibe ntchito, pano ndalembedwa. Viza inkakanika, pano yatuluka. Ndinkayenda wapansi, taonani makiyi awa. Mwana wasankhidwa kupita ku yunivesite, chibwenzi chafika pa chinkhoswe, ngongole yatha, ndiye mpingo wonse m'manja, nthungululu, wa kiyibodi naye osafuna kutsalira. Sindikunena kuti nzoipa ayi, nanenso ndimaomba nawo m'manja ndipo ndimaomba ndi mtima wonse, munthu amene wakhala zaka akuponya makalata m'maofesi osayankhidwa akapeza ntchito ayenera kuvina ndithu. Koma pa benchi lomwelo pamakhala mayi wina amene wapemphera zaka zomwezo, kusala kudya komweko, chakhumi osaphonya, koma kwawo sikunasinthe kalikonse, bambo akumwabe, mwana akudwalabe, geni ya tomato ikungobweza mpamba basi. Mayi ameneyu maikolofoni sayigwira. Kodi ndiye kuti alibe choyamika? Nanga ifeyo amene tikuvina lero, viza ija ikanakanidwanso tikanaimirira kunena chani?

Ine mmene ndikuonera, kukula kwa munthu mu uzimu kumaonekera pamenepa. Kutalika kwa pemphero munthu amatha kuphunzira, mavesi amaloweza, ngakhale kayankhulidwe ka chiuzimu kaja ka "tili mu chisomo" munthu miyezi ingapo wakadziwa kale. Koma kuyamika nkovuta kunamizira nthawi yaitali, chifukwa tsiku limene zinthu zakana ndi limene zimadziwika kuti munthuyu ankakonda Mulungu kapena ankakonda zimene zili m'manja mwa Mulungu.

Tonse tinaleredwa chimodzimodzi. Mlendo akakupatsa switi umalandira ndi manja awiri, ukangotembenuka kuti uthawe mayi ali "iwe, ukuti chani?" ndiye iwe "zikomo" maso ali pa switi. Palibe cholakwika, mwana amayambira pamenepo. Koma zikomo wa mwana amafuna womukumbutsa, ndipo amathera pa switi pomwepo, umulande uone ngati zikomo uja akhalepobe. Munthu yemweyo akakula, tsiku lina ali pa lendi payekha akuwerengera ndalama ya ufa ndi makala, amangopezeka waimbira mayi ake foni popanda wina womutuma, kuwathokoza pa zinthu zimene sizinabwere mu pepala la switi, phala la m'mamawa, yunifolomu yosokedwa kangapo, ngakhale zija ankamukaniza iye nkumalira. Enafe zaka mumpingo ndi zambiri ndithu, maudindo tili nawo, koma pa nkhani ya kuyamika tikadali pa "ukuti chani".

Nkhani ya akhate 10 ija ya pa Luka 17 ndimaikonda chifukwa siyophweka ngati mmene tinkaimvera ku Sande sukulu. Kumene kuja tinkangoti 9 anali oipa, mmodzi wabwino, tiyeni tiimbe. Koma taiwerenganinso pang'onopang'ono. Yesu akupita ku Yerusalemu, akudutsa m'malire a Samariya ndi Galileya, anthu aja anaima patali poti lamulo la pa Levitiko 13 linkati wakhate azikhala kunja kwa msasa, zovala zong'ambika, nkumafuula yekha kuti wodetsedwa, wodetsedwa. Anakuwa kuti Yesu, Ambuye, tichitireni chifundo. Yesu sanawakhudze nkomwe, anangoti pitani mukadzionetse kwa ansembe. Ndipo anthu aja ananyamuka khate likadali pathupi, anachirira m'njira. Onse 10. Ndiye tisanawanyoze tivomereze kaye kuti 9 ajanso chikhulupiriro anali nacho, mwina choposa chathu, nanga ndani wa ife angauyambe ulendo wokanena kuti ndachira zilonda zikuoneka?

Komanso anachita ndendende zimene anauzidwa. Ndipo kwa wansembe sikunali kongopita nkubwerako ngati kokatenga chiphaso ayi. Levitiko 14 akufotokoza mwambo wonse, mbalame ziwiri zamoyo, kuchapa zovala, kumeta tsitsi lonse mpaka ndevu ndi nsidze zomwe, masiku 7 uli kunja kwa nyumba yako, tsiku la 8 ndiye nsembe ya nkhosa. Munthu amene wakhala zaka osagona m'nyumba mwake, osanyamula mwana wake, mukuganiza kuti angafune kuchedwa ngakhale ola limodzi? Ine ndimawamvetsa anthu aja, anali ndi zifukwa zomveka, zina mwa izo za chipembedzo ndithu. Kungoti chimene ankafuna kwa Yesu anali atachipeza, ndiye mwini wakeyo analibenso naye ntchito.

Mmodzi uja, Msamariya, amene Yesu mwini anamutchula kuti mlendo, ataona kuti wachira anabwerera akulemekeza Mulungu mokweza mawu, nkudzagwa chafufumimba pa mapazi a Yesu. Popempha mawu okweza anali a anthu 10, poyamika anali a munthu mmodzi. Ndipo Yesu anaziona, anawerenga ndithu, kodi sanachire 10, nanga 9 aja ali kuti? Kenako nkumuuza uja kuti nyamuka, zipita, chikhulupiriro chako chakupulumutsa. Khungu labwino analandira onse, koma mawu amenewa anawamva mmodzi yekha, amene anabwerera kwa wopatsayo.

Zomwezi timazichita m'magulupu athu a pa WhatsApp. Munthu walemba usiku, abale tipempherereni mawa ndili ndi intaviyu, kaya mayi alowa ku fiyeta, gulupu yonse ma Amen mbwee, ena mpaka kudzuka pakati pa usiku kupemphera. Kenako zii. Umadzamvera kwa ena patapita miyezi kuti anayamba kalekale ntchito, mpaka anasamukira ku Area 25. Sikuti ndi munthu woipa, watanganidwa basi, monga 9 aja.

Koma bola Msamariya uja anayamika chinthu chitachitika. Amene amandisowetsa chonena ndi Paulo wa pa Machitidwe 27. Ndi mkaidi, akupita naye ku Roma m'ngalawa yonyamula tirigu, atangochoka ku Krete namondwe wawapeza. Katundu ataya m'nyanja, zipangizo za ngalawa ataya, masiku ambiri osaona dzuwa kapena nyenyezi, ndipo Luka amene analemba nkhaniyi analimo, akunena yekha kuti chiyembekezo chonse choti tipulumuka chinatithera. Usiku wa 14 amalinyero, eni ake odziwa nyanja, anafuna kuthawa mozemba pa kabwato nkusiya anzawo, asilikali anachita kudula zingwe kabwato kaja nkupita. M'ngalawamo munali anthu 276 ndipo anali atatha masabata awiri osadya zolongosoka. Kutatsala pang'ono kucha, mafunde akadali pompo, Paulo akuti abale idyani. Anatenga mkate, nayamika Mulungu pamaso pa onse, nkunyema, nkuyamba kudya.

Ankayamika chani kwenikweni? Namondwe sanaleke. Maunyolo sanamasuke. Ndipo atayamika chonchi sikuti nyanja inachita bata ayi, ngalawa ija inakatitimira pamchenga nkusweka ndithu, asilikali anafuna kupha akaidi onse kuti asathawe, anthu anafika kumtunda ena posambira ena atakangamira matabwa, pa chilumba cha Melita chimene lero timati Malta, ndipo atafika kumeneko akuti aothe moto njoka nkumulumanso Paulo yemweyo padzanja, kaya inu mukanatani. Wina anena kuti aaa iye uja mngelo anali atamuuza kale kuti safa munthu. Zoona. Koma chimene anali nacho m'manja ndi mawu okha basi ndi kachidutswa ka mkate, ndipo mawu a lonjezo ifenso tili nawo Baibulo lonse lathunthu, koma mkate wathu timadya tikung'ung'udza. Luka akuti anthu onse aja ataona zimenezi analimba mtima nkuyamba kudya nawonso, akaidi, asilikali achiroma, amalinyero osapemphera aja, chifukwa cha munthu mmodzi amene anapempherera chakudya ngati kuti kunja kuli bwinobwino.

Vesi ija timailemba kumbuyo kwa minibasi ndi pa makeke a giraduweshoni, "ndikhoza zonse mwa Iye wondipatsa mphamvuyo", Afilipi 4:13, inalembedwa ndi munthu yemweyu ali m'ndende. Mukabwerera mavesi awiri okha m'mbuyo mupeza kuti zonse zimene akunenazo si kugula nyumba kapena kukhoza mayeso, akunena za kukhuta ndi kugona ndi njala, kukhala nazo zochuluka ndi kusowa. Ndipo akuti zimenezi anachita kuphunzira. Pamenepa pamandilimbitsa mtima, chifukwa ngati mtumwi anachita kuphunzira ndiye kuti si nkhani ya chibadwa yoti ena anabadwa ansangala ena okwiyakwiya, ndi sukulu, ndipo kalasi yake ina ndi njala, kalasi ina ndi kukhuta. Mwa ziwirizi ine ndimaona ngati ya kukhuta ndi imene timalephera ambiri. Aisraeli mana aja tsiku loyamba anadabwa nawo, koma atadya nthawi yaitali pa Numeri 11 akulira kuti tikukumbuka nsomba za ku Igupto, nkhaka, mavwende, anyezi ndi adyo, kuno kulibe kanthu koma mana omwewa. Chakudya chogwa kumwamba tsiku ndi tsiku chinasanduka chotopetsa, ndipo ukapolo unayamba kukumbukika ngati kunali kokoma. Chinthu chikangokhala cha masiku onse chimasiya kuoneka, nchifukwa chake simudzamva munthu akuperekera umboni kuti banja lathu ladya chaka chonse osagona ndi njala, pamene m'dziko muno chimenecho nchozizwa chachikulu kuposa galimoto.

Zaka zapitazi zatiyesa a Malawi pa nkhani imeneyi. Malichi 2023 namondwe wa Freddy anagumula phiri la Soche usiku, matope ndi miyala kutsikira pa anthu ku Chilobwe, ndipo m'chigawo cha kummwera anthu oposa 1,000 anapita, ena matupi awo sanapezeke. Novembala chaka chomwecho kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti, tinagona ndi malipiro ena nkudzuka ndi ena ngakhale nambala yake inali yomweyo. 2024 ng'amba ya El Niño, chimanga kupserera chikumasula, mpaka boma linalengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi. Onjezani mizere ya mafuta ndi mtengo wa feteleza. Ndiye munthu azibwera ndi vesi ya 1 Atesalonika 5:18 yoti m'zonse yamikani, nthawi zina umafuna kumufunsa kuti achimwene mukukhala dziko lake liti.

Koma Habakuku ankakhala dziko ngati lomweli. Buku lake likuyamba ndi kudandaula, Yehova ndidzafuula mpaka liti inu osamva, ndipo yankho limene analandira linali loti zinthu ziipiraipira, Ababulo akubwera. Kumapeto kwake ndi kumene akunena zija zoti ngakhale mkuyu usaphuke, mpesa usabale, m'minda musatuluke chakudya, m'khola musakhale nkhosa kapena ng'ombe, ine ndidzakondwerabe mwa Yehova. Sanabise kanthu, watchula chimodzichimodzi zonse zimene palibe. Ine mawu amenewa ndinayamba kuwamvetsa kumudzi kwathu pa Lamulungu la masika. Chaka chabwino kutsogolo kwa tchalitchi kumadzaza matumba a chimanga, mtedza, nkhuku zomanga miyendo zikusokoneza ulaliki, aliyense akuyenda monyadira. Chaka cha njala ndiye umaona agogo ena akubwera ndi kambale ka nandolo kapena maungu awiri okha, akuvina pang'onopang'ono mpaka kutsogolo, ndipo iweyo ukudziwa bwinobwino kuti m'nkhokwe mwawo mulibe kanthu ndipo mwezi wa Januwale adzakhala pa ganyu. Palibe amene akanawadzudzula akanakhala pansi. Sukulu sanapite patali, mavesi ambiri sangakutchulireni chaputala chake, koma pa phunziro lija la Paulo ali kutsogolo kwenikweni kuposa ife a ma Baibulo a pa foni.

Pano ndiyenera kuchenjeza, chifukwa mawu oti kuyamika anthu ena amawasandutsa chibonga. Bwana amene amalipira wantchito wa pakhomo ndalama yosakwana ngakhale thumba la chimanga, mwezi wina osamulipira nkomwe, mtsikana akati adandaule yankho lake nkumati uziyamika kuti uli pa ntchito, anzako akuvutika kumudzi. Chimenecho si chiphunzitso cha Baibulo, ndi kuba kovala jekete. Yakobo 5:4 akunena poyera kuti malipiro a antchito amene mwawabisira akufuula ndipo kufuulako kwafika m'makutu a Ambuye. Mayi akumenyedwa m'banja, anthu nkumamuuza kuti yamikani kuti muli pabanja. Ayi ndithu. Munthu woyamika Mulungu ali ndi ufulu wonse wonena kuti ichi ncholakwika, Paulo yemwe uja ku Filipi anaimba nyimbo m'ndende pakati pa usiku, koma kutacha anakana kutulutsidwa mwakachetechete, anati anatikwapula poyera popanda mlandu ife nzika za Roma, abwere okha akuluakuluwo adzatitulutse. Kuimba kuja sikunamutseke pakamwa.

Pamaliro napo timafulumira. Munthu wangotaya mwana, mtembo ukadali m'nyumba, wina wafika kale ndi "musalire mayi, muziyamika, Mulungu watenga wake". Taonani Yesu pa manda a Lazaro pa Yohane 11. Ndime 35 akulira, misozi yeniyeni mpaka anthu anati taonani mmene ankamukondera. Ndime 41 wakweza maso kumwamba akuti Atate ndikuyamikani kuti munandimva, ndipo apo nkuti Lazaro akadali m'manda, fungo likumveka. Kulira ndi kuyamika, manda amodzi, munthu mmodzi, mphindi zochepa chabe pakati pake. Ndiye ngati Ambuye anachita zonse ziwiri ife ndife ndani kuti tiziuza namfedwa kuti asankhepo chimodzi. Musiyeni alire, kuyamika kwake kudzabwera nthawi yake ndipo kudzakhala kwake, osati kochita kumuyankhulira.

Palinso kuyamika kwina kumene kumamveka kwauzimu koma fungo lake ndi lina. Mfarisi wa pa Luka 18 pemphero lake anayamba bwino kwambiri, Mulungu ndikuyamikani. Koma chimene ankayamika ndi choti sali ngati anthu ena, makamaka wamsonkho amene anaima potero. Masiku ano zimenezi zili pa stetasi, chithunzi cha chiwongolero, pansi pake "Mulungu ndi wabwino, adani anga muona", ndipo tonse tikudziwa kuti uthengawo sukupita kumwamba, ukupita kwa apongozi kapena kwa mnzake wa kuntchito amene anayambana naye. Ukafuna kudziwa ngati kuyamika kwako nkoona, ona ngati kungakhalepobe popanda woonerera woti apse mtima.

Ndipo chimene chimandipweteka kwambiri ndi ichi. Mnyamata wamaliza sukulu, wapeza ntchito yabwino, waima kutsogolo ndi suti yake akuti abale ine ndinakula movutika, panalibe ondithandiza, achibale onse ananditaya, ndi Mulungu yekha amene wandifikitsa pano. Mpingo aleluya. Koma amene tikumudziwa tikukumbuka malume ake amene anagulitsa mbuzi zonse kuti alipire fizi ya Fomu 3, azakhali amene anamusunga ku Ndirande nyumba ya chipinda chimodzi ana awo nkumagona pansi, mphunzitsi amene ankamugulira makope ndi ndalama ya m'thumba mwake. Onsewo afufutidwa kuti umboni ukome. Amaganiza kuti akukweza Mulungu, koma Mulungu amene akumukwezayo ndi amene anatuma malume aja, nanga fizi ikanagwa kumwamba ngati mana? Kukana dzanja limene Mulungu anagwiritsa ntchito ndi kunyada basi, munthu safuna kukhala ndi ngongole ya zikomo kwa wina amene angathe kumuona ndi maso. Kuyamika Mulungu nkotchipa pamenepo chifukwa Mulungu sadzakupempha thandizo la feteleza, pamene malume angathe kutero.

Paulo amene ankati zonse ndi chisomo ndi yemweyo amene pa Aroma 16 wadzaza chaputala ndi mayina a anthu oposa 20. Febe amene akuti anathandiza ambiri ndi ine ndemwe. Priska ndi Akula amene anaika makosi awo pachiswe chifukwa cha moyo wake, ndipo akunena kuti si ine ndekha amene ndikuwayamika komanso mipingo yonse ya amitundu. Amayi ake a Rufo amene akuti analinso mayi anga, ndipo ine ndimaganiza kuti mayi amenewa anamuphikirapo kangapo konse ndi kumuchapira zovala zobwera nazo ku maulendo aja. Chaputala chimenechi ambiri timachidumpha poti mayina ake ngovuta kutchula, koma kalata yozama kwambiri ya chiphunzitso cha chisomo ikuthera pa mndandanda wa anthu wamba amene mtumwi sanafune kuti aiwalike. Kalata ya Afilipi nayo, ija ya vesi ya pa minibasi, mbali ina ndi kalata yothokoza mphatso imene mpingo unamutumizira kundende kudzera mwa Epafrodito, amene anadwala mpaka pang'ono kufa pa ulendo umenewo.

Kwathu kuno tili ndi khalidwe lija loti munthu akakuchitira chabwino lero, mawa mukakumana umayambira pomwepo, zikomo kwambiri za dzulo zija, ndipo akuluakulu amachita kunyamuka m'mamawa kupita pakhomo pa mnzawo kukangonena zimenezo basi nkubwerera. M'tauni muno khalidweli likutha, timangotumiza ka chithunzi ka manja awiri ogundana pa foni nkuti tathana nazo. Malume aja ngati akadali moyo manja a pa foni sawaona, foni yawo ndi ya mabatani. Basi yopita kumudzi ilipo tsiku lililonse, ndipo shuga ndi sopo sangakugwetseni bajeti.